Laputopu ikamajama musathamangire kukafomata

Kuno ku Chitakale laputopu ikangoyamba kujama mankhwala ake ndi amodzi basi, "ili ndi virus bwana, tingoifomata." Ulipira, munthu akufufutira zonse, ma CV a anthu, zithunzi za ukwati, kenako isanathe ndi sabata yomwe yayambiranso zomwe zija, mawusi kuyenda modumphadumpha mpaka kuimiratu. Ine ndimatayipira anthu makalata, ma CV, malipoti a banki m'khonde ndi timafomu ta alimi a tiyi ang'onoang'ono aja, ndipo makina amene ndimadyerapo ndi nkhalamba yeniyeni, Core i3 ya m'badwo wachiwiri ija inatuluka mu 2011, RAM 4GB, yogula ku Limbe itagwira kale ntchito kwa eni ake kunja uko. Nde za kujamazi ndimakhala nazo tsiku ndi tsiku, ndipo ndikuuzeni abale, nthawi zambiri si virus ayi.

Ikajama musayambe ndi kukanikiza batani lozimitsira. Ingokhalani kaye muiyang'ane, imanena yokha chomwe chikuipweteka. Malaputopu akale ambiri ali ndi kagetsi kakang'ono ka hadi disiki kutsogolo kapena m'mbali, kamene kamathwanimathwanima makina akamawerenga zinthu. Onani ngati kakuthwanima kapena kangoyaka osathimanso. Ikani khutu pafupi mumve ngati mkatimo mukumveka kukukuta kosalekeza. Dinani Caps Lock muone ngati kagetsi kake kakuyankha, olo mochedwa. Gwedezani mawusi. Gwirani kumanzere kumene kumatulukira mphepo mumve kutentha kwake. Zimenezi sizitenga nthawi koma zimasiyanitsa matenda, chifukwa kujama kulipo kwa mitundu ingapo ndipo kufomata sikuchiza ndi umodzi omwe mwa mitundu imene ndikunena pano.

Kujama kumene kumavuta kwambiri pa makina a 2GB ndi 4GB ndi kuja kagetsi ka disiki kayaka osathima, mawusi akuyenda ngati akukokedwa, ngati mumamvera nyimbo ikubwereza kachidutswa kamodzimodzi, ndiye mukapirira mphindi zingapo zinthu zimabwerera zokha ngati palibe chachitika. Kumeneko ndi kutha kwa RAM. Taganizani amayi aja amathyola tiyi m'ma esiteti umu, dengu lili kumsana, masamba akuponyedwa mmenemo manja osaima. Dengu likadzadza ntchito imaima, ayende kaye mpaka ku sikelo akakhuthule abwerenso. RAM ndiye dengulo, ndipo la laputopu yangayi ndi laling'ono. Likadzadza kompyuta imatenga zina mwa zimene zili mu RAM nkukaziika pa hadi disiki, pa Windows malo amenewo ndi pagefile, pa Linux, sisitimu ina yaulele yolowa mmalo mwa Windows, ndi swap. Vuto ndi loti RAM imayankha mu ma nanosekondi pomwe hadi disiki ya mbale yozungulira ija, ya 5400 rpm imene ili m'malaputopu akale ambiri, imatenga ma milisekondi kuti ingofika pamene pali kachinthu kamodzi, kusiyana kwake ndi kwa maulendo masauzande ambirimbiri. Nde ikafika poti pulogalamu iliyonse ikufuna chinthu chomwe changotayidwa kumene ku disiki, kompyuta imangokhalira kutuma zinthu uku ndi uku, ntchito yeniyeni osagwira. Purosesa imakhala ilibe chochita ikungodikira disiki. Si kuti yafa, yangotanganidwa ndi zopanda pake.

Ndipo 4GB yolembedwa pa sitika ija simuipeza yonse. Makina ngati angawa alibe memory yapadera ya zithunzi, Intel HD imabwereka ku RAM yomweyo. Komanso ngati munthu anakuikirani Windows ya 32-bit, imangoona pafupifupi 3GB ndi kenakake olo mutaikamo 8GB. Izi ndazipeza pa makina angapo a makasitomala, munthu anagula RAM yowonjezera koma sikusintha kanthu, kukayang'ana mu System pali polemba 32-bit.

Kuti mutsimikize, pa Windows dinani Ctrl+Shift+Esc atseguke Task Manager isanajame, mumusiye ali chotsegula uku mukugwira ntchito. Mukaona Memory ili pamwamba pa 90% ndipo Disk yakhazikika pa 100%, mlandu watha, wolakwa wapezeka. Pa Linux tsegulani terminal, kawindo kolembamo malamulo, mulembe free -h, koma musachite mantha ndi pamene palembedwa free, nambala imeneyo imakhala yochepa nthawi zambiri chifukwa Linux imagwiritsa RAM yongokhala posunga mafayilo amene mwatsegula posachedwa. Yofunika ndi ya kumapeto yolembedwa available. Imeneyo ikatsikira ku ma 200MB ndipo swap ikukwera, sungani ntchito yanu pompo chifukwa zikubwera. Pali kapulogalamu kena ka htop kamene kamakusanjirani amene akudya kwambiri kuyambira pamwamba, ndimakakonda chifukwa nkopepuka.

Ineyo pano ndili pa Linux Mint ya Xfce, mtundu wa Linux wopepuka. Microsoft inasiya kupereka ma update a ulele a Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipu kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita kutsogolo, nde nkhalamba yangayi siyingalowe nawo m'bwalo limenelo. Mint ikangoyaka imadya RAM yosafika 1GB, zomwe zimandisiyira mpata wabwino. Koma musanamizidwe ndi anyamata a Linux aja amalankhula ngati alaliki a pa depoti, eti ukangoika Linux mavuto onse atha. Bodza. Linux ikatha RAM imajama moipa kuposa Windows, chifukwa kernel, mtima wa Linux, ili ndi chida chake chopha pulogalamu yadyera chotchedwa OOM killer koma chimachedwa kudzuka, chimadikira mpaka zinthu zitafikiratu pothera, pomwe iweyo wakhala ukuyang'ana sikirini youma kwa nthawi yaitali kasitomala ali chiimire pakhomo.

Amene amadya RAM kwenikweni si Word kapena LibreOffice ayi, ndi burawuza. Osati kuti burawuzayo ndi yoipa, koma masamba a pa intaneti a masiku ano ndi olemera, tsamba limodzi limakhala pulogalamu yathunthu. WhatsApp Web yokha ikakhala ndi magulu ambiri a mavidiyo imatha kudya ma MB mahandiredi angapo, Facebook ukamatsika pansi imangounjika osataya zakumbuyo, Gmail chimodzimodzi, YouTube nayo. Mu Chrome dinani Shift+Esc muone tabu iliyonse ndi zimene ikudya, mu Firefox lembani about:processes pamene mumalemba adiresi paja. Mudzadabwa.

Mphwanga wina ali Fomu 3, amabwera Loweruka kudzabwereka makinawa eti akufufuza za Biology. Tsiku lina ndikumva "amalume yajamanso iyi, ndi yakutha, gulani ina." Kupita kukaona, matabu ali mbwee pamwamba mpaka maina osaoneka, timizere tokhatokha, atatu a YouTube, ena a mpira, ena a ma past paper amene anatsegula m'mawa nkuwaiwala. Ndinati mphwanga, tadikira usakhudze, yang'ana kagetsi aka. Kanali kayaka osathima. Tinadikira mpaka mawusi anayamba kuyankha, ndikumutsegulira htop, mzere wa Mem wadzadza mpaka kumapeto, wa Swp nawo watsala pang'ono. Tinayamba kutseka tabu imodziimodzi iye akuona mzere uja ukubwerera m'mbuyo, kagetsi kaja nkuyambanso kuthwanima bwinobwino. Anangoti "aaa" basi. Za kugula ina sanazitchulenso, olo matabu sanasiye kuunjika kkkk.

Zimene zinandithandiza zenizeni pa Linux ndi ziwiri ndipo zonse ndi zaulele, zimangodya ka bandulo kochepa kwambiri. Choyamba ndi zram. Mmalo motaya zinthu ku hadi disiki, zram imatenga gawo la RAM yomweyo nkumafinyiramo zinthuzo, zimachepa mwina kawiri kapena katatu, ndipo kufinya ndi kufunyulula kumathamanga kutalitali kuposa kupita ku disiki. Purosesa imagwirako ntchito yowonjezera pang'ono koma paja imangokhala ikudikira, bola igwireko. Linux ya Fedora inayamba kubwera ndi zram yoikiratu kuyambira pa Fedora 33 mu 2020, pa Mint ndi Ubuntu umaika wekha, sudo apt install zram-tools, ndiye mu fayilo ya /etc/default/zramswap umasankha kuchuluka kwake pa mzere wa PERCENT, ine ndinaika 50, ndi njira yofinyira pa ALGO, zstd imafinya kwambiri pomwe lz4 ndi yopepukira purosesa. Mukayatsanso makina lembani swapon --show muone ngati zram0 yatulukira. Windows 10 nayo ili ndi zofanana nazo mkati mwake, mu Task Manager pa Memory pali polemba Compressed, nde a Windows musavutike kusaka.

Chachiwiri ndi earlyoom, sudo apt install earlyoom basi palibenso zambiri. Kameneka kamangokhala phee kakuyang'anira, RAM yotsala ndi swap yotsala zonse zikatsika pansi pa 10% kamatseka pulogalamu imene ikudya kwambiri makina asanajame. Nthawi zambiri imafa ndi tabu imodzi ya burawuza, umangoona yalemba kuti tabu yagwa, nkuitsegulanso. Ena zimawanyansa, akuti bwanji kompyuta izinditsekera zinthu osandifunsa. Ine ndimati bola kutaya tabu imodzi kusiyana ndi kukanikiza batani lozimitsira uli pakati pa lipoti la banki m'khonde la chaka chonse, amayi khumi ndi awiri akudikira kugawana ndalama mawa lake. Komabe Ctrl+S ikhale pa zala, chifukwa tsiku lina kakhoza kusankha chikalata chanu chomwecho ngati ndicho chakula.

Za swappiness zija, nambala youza Linux kuti izifulumira bwanji kutaya zinthu ku swap, zimene anthu amalimbikira m'magulu a pa intaneti, eti tsitsa kuchoka pa 60 ufike pa 10 makina athamanga, ine sindinaonepo phindu lake pa 4GB. RAM ikatha yatha basi, nambala imeneyo siyiwonjezera kanthu. Ndipo ukakhala ndi zram anthu odziwa amaikweza mmalo moitsitsa. Kuchotseratu swap ndiye kulakwitsa kwenikweni, osayesa.

Ku burawuza ndinaika uBlock Origin pa Firefox, zotsatsa malonda zija zimadya RAM komanso bandulo, nde apa umapindula pawiri. Chrome ili ndi Memory Saver mu Settings pansi pa Performance, imagoneka matabu amene simukuwagwiritsa ntchito, yatsani. YouTube pa 360p kapena 480p imakwanira kumva phunziro. Facebook ndi WhatsApp ndinazibweza ku foni, pa laputopu ndimangotsegula WhatsApp Web kasitomala akanditumizira chikalata, ndikadawuniloda nkutseka. A Windows pitani pa Startup mu Task Manager muzimitse timapulogalamu tonse timene timadzuka nawo makina akamayaka, ndipo ngati muli ndi ma antivirus awiri chotsani imodzi, ndaonapo makina a 2GB ali ndi atatu, onse akulimbirana disiki imodzi. Windows Defender yokha ndi yokwana.

Nanga ikajamiratu uli pakati pa ntchito? Pa Linux yesani Ctrl+Alt+F2 nkudikira, nthawi zina imatenga kanthawi koma pamatuluka sikirini yakuda yofunsa dzina ndi pasiwedi. Mukalowa lembani pkill firefox kapena pulogalamu imene mukuikayikira, kenako Ctrl+Alt+F7 kubwerera pa Mint. Zikakanika gwirani Alt ndi PrtSc pamodzi, osasiya, nkudina S, dikirani pang'ono, U, dikiraninso, kenako B. S imalemba pa disiki zimene zinali zisanalembedwe, U imatseka disiki kuti isalembedwenso, B imayatsanso makina. Ndi bwino kutalitali kusiyana ndi kuzimitsa mwankhanza. Pa malaputopu ena umafunika kugwiranso Fn. Pa Windows ngati sikirini yokha ndi imene yauma koma nyimbo ikumveka bwinobwino, dinani Windows+Ctrl+Shift+B, imalira kamodzi nkudzutsanso dalaivala wa sikirini. Ikayakanso pa Linux lembani journalctl -b -1 -e muone mizere yomaliza makina asanafe, mukaona mawu oti Out of memory nkhani ndi yomwe ija, mukaona I/O error kapena ata1 ikubwerezabwereza ndiye disiki ikudwala.

Kutentha ndi nkhani ina ndipo imadziwika msanga. Fani imabangula, pansi pa laputopu sipagwirika, zinthu zimayamba kuchedwa pang'onopang'ono osati mwadzidzidzi, pena makina amangozima okha. Mapurosesa a Intel amenewa akayandikira madigiri 85 kapena 100, malinga ndi mtundu wake, amadzichepetsa liwiro okha kuti asapse. Miyezi ya chiperoni, June ndi July phiri litabisala mu nkhungu, yanga siivuta ndi pang'ono pomwe, koma October akafika ndi fumbi lake lija la mumsewu ndiye mavuto. Nditatsegula kumbuyo ndinapeza pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mphepo tija pali chinthu ngati kachidutswa ka bulangete, fumbi ndi ulusi zitagwirana, mphepo osadutsa olo pang'ono, kuphatikizapo mphemvu ziwiri zouma. Ndinachotsa ndi kamswachi kakale ndi singano, nkupukuta mafuta akale otuwa aja ali pamwamba pa purosesa, anali atauma gwa, nkupaka thermal paste yatsopano kadontho kamodzi. Mukamapopera mphepo gwirani fani ndi chala isazungulire. Ndipo chonde laputopu pa matiresi kapena pa bulangete ayi, mabowo opumira ali pansi. Yanga imakhala pa timatabwa tiwiri. Kuti muone kutentha pa Linux lembani sensors, pa Windows pali HWMonitor.

Kujama koopsa ndi kuja kopanda ndondomeko, watsegula chikalata chimodzi chokha, RAM ilipo yambiri, makina ndi ozizira, koma yauma gwa, pena kumamveka ka "tiki tiki" mkati. Apo musachedwe, koperani mafayilo anu pa fulashi kaye musanachite china chilichonse. Kenako onani SMART, hadi disiki iliyonse imasunga yokha mbiri ya thanzi lake. Pa Mint tsegulani Disks mupeze SMART Data, pa Windows CrystalDiskInfo imakuuzani Good, Caution kapena Bad. Mizere yoyang'ana ndi Reallocated Sectors ndi Current Pending Sector, manambala amenewo akamakwera disiki ili paulendo. Kuno batire za malaputopu akale zinafa kalekale, nde magetsi akangothima makina nawo thii disiki ili pakati polemba, zimenezi zikachuluka mafayilo amaonongeka. Apa ndi pamene kufomata kumapweteka zenizeni, munthu akuikira Windows yatsopano pa disiki yakufa, imayenda masiku ochepa nkugwanso, ndalama yapita ndi mafayilo omwe. Disiki ikakhala bwino yesani RAM yeniyeniyo ndi memtest86+ kapena Windows Memory Diagnostic, isiyeni usiku ngati magetsi alola, mzere wofiira olo umodzi ndiye kuti kachitsuloko nkoonongeka. Pena kamangofuna kuzula, kupukuta mano ake agolide aja ndi labala ya pensulo nkubwezeretsa, chinyontho cha kuno ku Mulanje chimachita dzimbiri pa chilichonse.

China chaching'ono, mafulashi a makasitomala. Ena ndi otchipa ochedwa kwambiri, ukamakoperamo fayilo yaikulu pa Linux desikitopu yonse imatha kuuma mpaka itamaliza. Imeneyo si laputopu yanu, ingodikirani, ndipo osazula fulashi isananene kuti yatha.

Tsopano ya ndalama. Anthu amandifunsa kuti achimwene ndiyambe kugula chani, RAM kapena SSD? Maganizo anga ndi akuti ngati muli ndi 2GB yambani RAM, palibe kukambirana. Ngati muli ndi 4GB ndi hadi disiki ya mbale, SSD, disiki yamakono yopanda mbale yozungulira, ndi imene mudzaimve kwambiri, olo ya 128GB ya SATA 2.5 inch, imalowa pamalo pomwe panali disiki yakale. RAM imathabe koma ulendo wopita ku swap umafupika kwambiri moti mmalo mojama mphindi zisanu imangodzandira pang'ono nkupitiriza, kuyaka kwake nako ndi masekondi. Disiki yakale ija musataye ngati SMART ikuti ili bwino, igulireni kabokosi ka USB ikhale yosungira mafayilo. Ine ndinayamba SSD, RAM ndikusonkherabe, mitengo ya zinthu zimenezi ikungosintha ndi kwacha yathuyi.

Pogula RAM ndi pamene anthu amagwa nazo. Musanakwere minibasi ya ku Limbe onani kaye ngati muli ndi malo owonjezera, Task Manager pa Memory imalemba Slots used 1 of 2, pa Linux ndi sudo dmidecode -t memory. Malaputopu ena otchipa aja opyapyala RAM yake ndi yowotcherera pa bolodi, simungawonjezere. Kenako tsegulani kachitseko ka pansi mujambule sitika ya RAM imene ilimo. Ya laputopu ndi yaifupi, SO-DIMM, ya desikitopu siyingalowe. DDR2 ili ndi mano 200, DDR3 204, DDR4 260, ndipo kampata kapakati kali malo osiyana nde musakakamize. Pomwe pali msampha ndi pa DDR3 ndi DDR3L chifukwa zimaoneka chimodzimodzi ndipo zimalowa malo amodzi, koma DDR3 wamba ndi ya 1.5V, pa sitika amalemba PC3, pomwe DDR3L ndi ya 1.35V, amalemba PC3L. Malaputopu a Core i3 ndi i5 a m'badwo wachinayi ndi wachisanu amafuna PC3L, mukaikamo PC3 wamba akhoza osayaka nkomwe. Akale ngati yangayi amalandira PC3, ndipo PC3L nthawi zambiri imagwiranso.

Laputopu mupite nayo komweko pamodzi ndi chaja yake. Wogulitsa aike RAM inu mukuona, makina ayake pa kauntala pomwepo, mutsegule Task Manager kapena free -h muone kuti ikuwerenga yonse, mutsegule matabu angapo iyende kaye pang'ono musanatulutse ndalama, ndipo mufunse ngati amalola kubweza ikapezeka ndi vuto pa memtest mukafika kunyumba. Akakana kuyesa pitani shopu yotsatira, ku Limbe ogulitsa zimenezi ndi ambiri.